Kuseri kwa Phiri la Molokai

Nkhani ya lero ndi ya chilumba china chakutali, cha pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, ndi ya anthu amene adatayidwa kumeneko chifukwa cha nthenda ya khate. Ndi nkhaninso ya anthu oŵerengeka amene adaŵalondola kukakhala nawo pamene dziko lonse lidafuna kuŵaiŵala. Omvera ambiri m'maboma onse akuidziŵa nthenda imeneyi, ndipo achikulire akukumbukira momwe m'midzi ina wodwala khate ankammangira kanyumba kapadera, n'kumampatsa chakudya m'mbale yakeyake. Choncho ngakhale dzikolo lili kutali, zimene zidachitika kumeneko si zachilendo. Funso limene nkhaniyi ikuika pamaso pa Mkhristu aliyense ndi lakuti: munthu wovutika akachotsedwa pamaso pa anthu, kodi udindo womsamala umathera pomwepo?

Zilumba za Hawaii masiku ano zili m'dziko la United States of America, koma kale lidali dziko lodzilamulira, lokhala ndi mafumu akeake. Sitima za amalonda zitayamba kukocheza kumeneko, zidabwera ndi nthenda zimene eni dziko sankazidziŵa. Chikuku chidapha anthu ochuluka m'chaka cha 1848, nthomba idatsatira mu 1853, ndipo posakhalitsa khate nalo lidayamba kufala. Nthaŵi imeneyo padalibe munthu wodziŵa chimene chimayambitsa khate, ndiponso lidalibe mankhwala. Boma lidagwidwa ndi mantha. M'chaka cha 1865 Mfumu Kamehameha V idavomereza lamulo lakuti aliyense wopezeka ndi khate achotsedwe pakati pa anzake.

Malo amene boma lidasankha adali ku Kalaupapa, kumpoto kwa chilumba cha Molokai. Ndi kadziko kakang'ono kachidikha, koloŵa m'nyanja ngati lilime. Mbali zitatu kuli madzi a mafunde aukali, ndipo mbali yachinayi kuli phiri loima chilili ngati khoma, lotalika mamita pafupifupi 500. Idali ndende yosafuna mpanda kapena mlonda. Pa 6 Januwale 1866 odwala 12 oyamba adatsitsidwa kumeneko, nakakhala pa mudzi wa Kalawao, kuvuma kwa kadzikoko. Kuyambira pamenepo apolisi ankasaka odwala m'midzi. Mwana ankalandidwa m'manja mwa amake, mwamuna ankasiyana ndi mkazi wake pa doko, onse akudziŵa kuti wokwera sitimayo sadzabweranso. Eni dziko adaitcha nthendayi kuti yolekanitsa mabanja. Pa zaka 103 zimene lamulolo lidagwira ntchito, anthu pafupifupi 8,000 adatumizidwa kumeneko.

Akuluakulu a zaumoyo ankaganiza kuti odwalawo adzalima mbatata ndi koko, n'kumadzidyetsa okha. Adaiŵala kuti dzanja lotha zala siligwira khasu, ndipo phazi la zilonda siliyenda ulendo wa kumunda. Chakudya chinkapereŵera, madzi ankatungidwa kutali, ndipo pa zaka zoyambazo padalibe dokotala wokhala pamalopo. Amphamvu ankalanda za ofooka. Ena, poona kuti atayidwa kale, adangodziponya m'moŵa waukali. Wodwala akafika kwakayakaya ankagona yekha m'kanyumba ka udzu kodontha, ndipo akamwalira nthaŵi zambiri ankangomkulunga m'bulangete, n'kumkwirira m'dzenje losaya limene nkhumba ndi agalu ankafukula.

Anthu amene adakonza lamulo lija sadali zilombo. Ambiri a iwo ankapemphera Lamulungu lililonse, ndipo cholinga chawo chidali kupulumutsa mtundu umene unkatha ndi matenda. Boma lidapitiriza kutumiza chakudya ndi zovala monga lidathera. Koma phiri lija lidagwiranso ntchito ina imene palibe adaitchula: lidabisa ovutikawo. Munthu wa ku Honolulu, mzinda waukulu wa dzikolo, ankatha kudya, kugona ndi kuimba nyimbo m'tchalitchi osaonako chilonda ndi chimodzi chomwe. Zosaoneka ndi maso sizisautsa mtima.

Malembo Oyera amachenjeza za ngozi yomweyi. Mu Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 16, Ambuye Yesu adasimba za munthu wachuma ndi mmphaŵi wa zilonda, dzina lake Lazaro, amene ankagona pa chipata cha wachumayo. Nkhaniyo sinena kuti wachuma uja adamenya Lazaro kapena kumpirikitsa. Ankamdziŵa ndi dzina lomwe, pakuti atafa adamtchula. Mlandu wake udali wakuti adazoloŵera kumlumpha tsiku ndi tsiku, monga munthu amalumphira chitsa cha m'njira. Mu mutu 10 wa buku lomwelo muli fanizo la munthu wovulazidwa ndi achifwamba pa mseu wa ku Yeriko. Wansembe adamuona, Mlevi adamuonanso, ndipo onse aŵiri adalambalala. Kuona ndi maso adaona onse atatu. Msamariya adasiyana ndi anzakewo chifukwa adasendera pafupi, nagwira mabalawo ndi manja ake. Pa Chikhristu, kuona munthu wovutika ndiko kumuyandikira mpaka vuto lake likhale ndi nkhope ndi dzina.

Oyamba kuchita zimenezi ku Molokai adali eni dziko omwe. Amuna, akazi ndi makolo ena adakana kusiyana ndi odwala awo, nakwera nawo sitima ngakhale iwo eni sankadwala. Anthu otere ankatchedwa kokua, ndiye kuti othandiza. Ndiwo ankatunga madzi, kutola nkhuni, kuphika ndi kuchapa. Mmodzi wa iwo adali Jonathan Napela, wa mpingo wa Latter-day Saints, munthu wophunzira amene adagwirapo ntchito yoŵeruza milandu pa chilumba cha Maui. Mkazi wake, Kitty, atapezeka ndi khate, Napela adapita naye mu 1873. Pamene akuluakulu a zaumoyo adafuna kumchotsako chifukwa sankadwala, iye adalemba kalata yopempha kuti amlole kusunga lumbiro limene adachita pamaso pa Mulungu tsiku la ukwati wake. Adakhalabe, adatenga nthendayo, ndipo adamwalira mu 1879. Mkazi wake adamtsatira patangopita masabata oŵerengeka.

Odwala enieniwo nawonso sadangokhala manja lende. M'chaka choyamba chomwecho cha 1866, odwala 35 a Chipulotesitanti adasonkhana nakhazikitsa mpingo wawo, umene adautcha Siloama, dzina la thamanda la ku Yerusalemu kumene munthu wobadwa wosapenya adakasamba nayamba kuona. Adasonkha tindalama tawo tochepa, napemphanso thandizo kunja, mpaka nyumba yawo yopemphereramo idatsegulidwa mu 1871. Akatolika adamangiridwa katchalitchi ka Filomena Woyera mu 1872, koma wansembe ankangobwera mwa apo ndi apo, n'kubwerera.

Munthu amene dzina lake lidamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi Bambo Damien. Adabadwa pa 3 Januwale 1840 m'mudzi wa Tremelo ku Belgium, m'banja la alimi, ndipo dzina lawo lobadwa nalo lidali Jozef De Veuster. Adakula akugwira ntchito za manja, choncho adali amphamvu ndi odziŵa kupala matabwa. Adaloŵa chipani cha Mitima Yoyera ya Yesu ndi Maria potsata mkulu wawo, Pamphile. Amene adasankhidwa kupita ku Hawaii adali mkulu wawoyo, koma adadwala ulendo uli pafupi, ndipo Damien adapempha kuti apite m'malo mwake. Adafika ku Honolulu pa 19 Malichi 1864, nadzozedwa unsembe m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho. Kwa zaka 9 adatumikira pa chilumba chachikulu cha Hawaii, kumene adaona ndi maso akhristu awo akutengedwa mmodzimmodzi kupita ku Molokai.

M'mwezi wa Meyi 1873 Episkopi Louis Maigret adauza ansembe ake kuti odwala a ku Molokai akupempha wansembe wokhala nawo. Episkopiyo sadafune kulamula munthu, chifukwa ankaona kuti kutero kunali ngati kumtumiza ku imfa. Ansembe anayi adadzipereka, ndipo adapangana kuti azipita mosinthana. Woyamba kupita adali Bambo Damien, amene adatsika pa doko la Kalaupapa pa 10 Meyi 1873, ali ndi zaka 33. Adapezako odwala oposa 600. Patapita masiku oŵerengeka adalembera akuluakulu awo kuti ali okonzeka kukhala komweko mpaka kalekale. Kusinthana kuja kudathera pomwepo.

Masiku oyamba adalibe nyumba, ndipo ankagona pansi pa mtengo pafupi ndi katchalitchi kaja. Fungo la zilonda m'tinyumba ta odwala linkaŵachititsa nseru, kotero kuti nthaŵi zina ankathamangira panja kukapuma mpweya wabwino. Pofuna kupirira adayamba kusuta fodya wa m'kaliwo. Chifundo chawo sichidali chopepuka ayi. Thupi lawo linkakana monga la munthu wina aliyense, koma ankabwereranso m'nyumbamo, n'kukhala pansi pa mphasa ya wodwala.

Ntchito imene adayamba nayo idali ya maliro. Adaona kuti munthu wodziŵa kuti akafa adzatayidwa ngati galu sangakhulupirire kuti moyo wake uli ndi mtengo. Choncho adamanga mpanda pa manda, nayamba kukhoma mabokosi ndi kukumba manda ndi manja awo. Adakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, kuti womwalira aliyense aziperekezedwa ndi mwambo ndi nyimbo. Kuchoka apo adatembenukira kwa amoyo. Pamodzi ndi odwala amene adali ndi mphamvu, adamanga nyumba za matabwa m'malo mwa zisakasa, nayala mipope yobweretsa madzi kuchokera ku chigwa, nalimbikitsa anthu kulima. Adasonkhanitsa ana amasiye naŵamangira pokhala. Adakuza tchalitchi, naboola timabowo pansi kuti odwala amene sankatha kumeza malovu asachite manyazi kuloŵa m'nyumba ya Mulungu. Padali ngakhale kwaya ndi gulu loimba malipenga, la anthu amene ena zala zidali zitatha.

Bambo Damien ankatsuka ndi kumanga zilonda za aliyense, osafunsa za mpingo wake, ndipo iwo ndi Napela adali pa ubwenzi ngakhale ankapemphera kosiyana. Ankadya chakudya cha eni dziko, phala lolimba la koko, akupisa dzanja m'chipanda chimodzi ndi odwala. Khomo la nyumba yawo lidali lotsegula. Polalika ankadziŵerengera pamodzi ndi akhatewo, nthendayo isanaŵagwire n'komwe. Pochita izi ankatsata chitsanzo cha mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 1. Lamulo la m'buku la Levitiko, mutu 13, linkati munthu wa nthenda yotere azikhala kunja kwa msasa, koma wakhate atagwada pamaso pa Yesu kupempha kuti achire, Ambuye sadangolankhula ali patali. Adamkhudza ndi dzanja.

Mtengo wa zonsezi adaulaŵa msanga. M'chaka choyamba chomwecho akuluakulu a zaumoyo adaŵaletsa kuchoka pa malowo. Tsiku lina mkulu wa chipani chawo, Bambo Modeste, adabwera pa sitima, koma woyendetsa sitimayo adakana kuti atsike, nakananso kuti Bambo Damien akwere. Pofunitsitsa kulapa, Bambo Damien adapalasa bwato mpaka pafupi ndi sitimayo, naulula machimo awo mofuula m'Chifalansa, anthu ena akumva. Wansembe amene adabwera kudzathetsa kusungulumwa kwa ena adasanduka mmodzi wa anthu osayenera kuyandikiridwa.

Komabe kukhala kwawo kumeneko kudayamba kuboola phiri lija. Makalata awo opempha matabwa, zovala ndi mankhwala ankavutitsa boma, ndipo mbiri yawo idafika m'manyuzipepala a maiko akutali. Mu 1881 Liliuokalani, mlongo wake wa Mfumu Kalakaua, adapita kukaona odwalawo. Ataŵaona adagwidwa ndi chisoni kotero kuti adalephera kulankhula mawu amene adakonza. Thandizo lidayamba kubwera kuchokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo lambiri lidasonkhedwa ndi akhristu a mipingo ina, monga a Anglican a ku England. Munthu mmodzi atayandikira, maso a anthu ambiri adatsata kumene iye adayang'ana.

M'mwezi wa Disembala 1884 Bambo Damien adaviika phazi m'madzi otentha kwambiri. Khungu lidatuluka matuza, koma sadamve kuŵaŵa. Adadziŵa tanthauzo lake, ndipo madokotala adatsimikiza kuti lidali khate. Adapitiriza ntchito kwa zaka zina zinayi, akufulumira kumaliza nyumba za ana amasiye ndi tchalitchi. Adamwalira pa 15 Epulo 1889, Lolemba la Sabata Loyera, ali ndi zaka 49, atakhala pakati pa odwalawo zaka 16. Adaikidwa pansi pa mtengo womwe uja ankagonapo atangofika. Mu 1936 mafupa awo adatengedwa kupita ku Leuven ku Belgium, ndipo mu 2009 Papa Benedict XVI adaŵalemba m'gulu la oyera a Mpingo wa Katolika.

Sadali munthu wopanda zofooka. Adali amakani, osachedwa kupsa mtima, ndipo adakangana ndi akuluakulu awo ndiponso ansembe anzawo amene adatumizidwa kudzaŵathandiza. Atangomwalira, mbusa wina wa ku Honolulu, Charles Hyde, adalembera mnzake kalata yoŵanyoza kuti adali munthu wauve, wamwano ndi wosamva za ena, ndipo kalatayo idasindikizidwa. Amene adamuyankha mu 1890 adali mlembi wotchuka wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, amene adaleredwa m'mpingo wa Presbyterian, osati wa Katolika, ndipo adali atakhalako ku Kalawao masiku oŵerengeka wansembeyo atamwalira kale. Stevenson sadakane kuti Bambo Damien adali ndi zofooka. Mfundo yake idali yakuti wa zofookayo ndiye adapita, pamene woŵerenga zofookazo adatsala m'nyumba yake yabwino mumzinda. Pamenepa pali chilimbikitso kwa Mkhristu amene amadziona wosayenera. Mulungu sadikira kuti munthu ayambe wakhala wangwiro kuti amtume kwa wovutika.

Akuluakulu akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo ku Molokai zidaterodi. Mu 1886 kudafika Joseph Dutton, amene adali msilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America. Adaŵerenga za Bambo Damien, nabwera osaitanidwa, ndipo adasamala anyamata ndi amuna odwala kwa zaka 44. Kudabweranso Mayi Marianne Cope, mkulu wa masisitere a Fransisko Woyera a ku Syracuse, m'chigawo cha New York. Boma la Hawaii litapempha masisitere odzasamala odwala, zipani zambiri zidakana, koma iwo adavomera. Adafika ku Honolulu mu 1883 ndi masisitere anzawo asanu ndi mmodzi, ndipo mu Novembala 1888 adasamukira ku Kalaupapa, miyezi yoŵerengeka Bambo Damien asanamwalire. Adakhala komweko mpaka imfa yawo mu 1918.

Mayi Marianne adaonjezera phunziro limene omvera sayenera kulitaya. Iwo adali atayendetsapo chipatala kwawo, choncho adalamula kuti sisitere aliyense azisamba m'manja akachoka kwa wodwala mmodzi kupita kwa wina, ndi kuti zogona ndi ziŵiya zizikhala zaukhondo. Ankasokera atsikana odwala madiresi okongola, nabzala mitengo ndi maluŵa pa malo awo, kuti atsikanawo azidziona ngati anthu. Palibe sisitere ndi mmodzi yemwe amene adatenga khate. Chofunika kutengera kwa Bambo Damien ndi kuyandikira kwawo, osati kusasamala kwawo za ukhondo. Chikondi ndi nzeru sizilimbana. Wosamala wodwala akadzisamalanso yekha, amatha kutumikira zaka zambiri.

Nzeru za mankhwala zidadza pang'onopang'ono. Chaka chomwe Bambo Damien adafika ku Molokai, 1873, dokotala wa ku Bergen ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, adapeza kachirombo koyambitsa khate. Zidadziŵika kuti nthendayi si temberero, si chilango cha tchimo, ndipo si ya m'magazi a banja. Zidadziŵikanso kuti sifala msanga, chifukwa anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse matupi awo amakana kachiromboko. Mankhwala oyamba ochizadi adayesedwa ku Carville, ku America, mu 1941, ndipo adafika ku Kalaupapa mu 1946. Koma lamulo lotsekera odwala lidafafanizidwa mu 1969, patapita zaka 23. Mantha a anthu adakhalitsa kuposa chifukwa chake. Lamulolo litatha, ambiri mwa amene adachira adasankha kukhalabe komweko, pakuti kumeneko ndiko kudasanduka kwawo.

M'dziko la Malaŵi, ntchito yosamala odwala khate idayambidwa ndi mipingo. Akatolika adali ndi malo otere ku Mua m'boma la Dedza ndi ku Utale kufupi ndi Balaka, a Seventh-day Adventist ku Malamulo m'boma la Thyolo, ndipo a Anglican ku Likwenu kufupi ndi Malosa. M'zaka za m'ma 1960 bungwe la LEPRA la ku Britain lidayamba njira yatsopano. M'malo mochotsa wodwala pa mudzi, antchito ake ankayenda pa galimoto ndi pa njinga kukampatsa mankhwala kwawo komweko. Mu 1981 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalangiza kuti odwala azilandira mankhwala ophatikiza, a dapsone, rifampicin ndi clofazimine, ndipo kuyambira 1995 mankhwalaŵa amaperekedwa ulere. Malaŵi adafika pa mlingo wa bungweli, wa wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse, m'chaka cha 1994.

Izi sizitanthauza kuti khate lidatheratu. Odwala atsopano amapezekabe m'dziko muno, ndipo pa dziko lonse lapansi amapezeka pafupifupi 200,000 pa chaka. Chizindikiro choyamba kaŵirikaŵiri chimakhala banga lotuŵa kapena lofiirira pa khungu, losayabwa, limene silimva kanthu likakhudzidwa. Munthu akapita msanga ku chipatala amamwa mankhwala miyezi 6 kapena 12, n'kuchira osapunduka, ndipo akangoyamba kumwa mankhwalawo sapatsiranso ena. Amene amatha zala masiku ano ndi amene adabisa banga lawo chifukwa choopa kusalidwa. Motero mnansi amene angaone banga lotere pa mnzake, namlankhula mwaulemu pambali, namperekeza ku chipatala, wapulumutsa manja ndi mapazi a munthuyo.

Khate lapeza mankhwala, koma chizoloŵezi chobisa ovutika chikadalipo, ndipo mudzi uliwonse uli ndi kuseri kwake kwa phiri. Kuli gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, amene ana ake adapita ku tauni, ndipo anthu ayamba kumnong'ona kuti ndi mfiti. Kuli mwana wolumala amene amatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera. Kuli wodwala khunyu amene anthu amathaŵa akagwa, poganiza kuti atenga nthendayo, chonsecho khunyu sapatsirana. Kuli wodwala misala womangidwa ku mtengo, wandende amene abale ake adaleka kukamuona, ndi wodwala wa m'chipatala amene alibe womdikirira, pamene anzake onse a m'chipindamo akulandira nsima yochokera kwawo. Anthu ameneŵa safika pa khomo kudzapempha. Sapezeka m'tchalitchi Lamulungu kuti mpingo uŵaone. Wofuna kuŵathandiza ayenera kuyamba waŵafunafuna.

Mipingo ili nazo kale zida zogwirira ntchitoyi. Pali miphakati ndi malimana, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, a Dorika, a Mothers' Union, ndi magulu a achinyamata. Chosoŵa kaŵirikaŵiri ndi funso laling'ono lofunsidwa pa msonkhano uliwonse: ndani amene sadaoneke mwezi uno, ndipo ali kuti? Yankho likapezeka, ntchito yake siifuna ndalama zambiri. Ndi kufolera denga mvula isanagwe, kutunga ndowa ya madzi, kupalira mizere ingapo m'munda wa wodwala, kunyamula munthu pa njinga kupita naye ku chipatala, kapena kungokhala naye pansi n'kudya naye m'mbale imodzi. Chachikulu ndi kubwereranso. Thumba la ufa loperekedwa kamodzi pa Khirisimasi limatha sabata isanathe, pamene mnansi wobwera Lachitatu lililonse amachotsa mantha a kufera m'nyumba wopanda wodziŵa. Ku Molokai, chakudya cha boma chinkafika pa sitima n'kutsitsidwa pa doko. Chimene odwala adapempha chidali munthu wokhala nawo.

Mu Uthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, Ambuye Yesu adafotokoza za chiŵeruzo chomaliza, natchula anjala, aludzu, alendo, ausiŵa, odwala ndi andende, nanena kuti chochitira anthu otere n'chochitira Iye mwini. Chodabwitsa m'nkhaniyo n'chakuti magulu onse aŵiri, olandira dalitso ndi okanidwa, adafunsa funso lofanana, lakuti adamuona liti. Onse sadamzindikire. Kusiyana kwawo kudali kwakuti ena adaima pamene adakumana ndi wovutika, ena adapitirira. Jonathan Napela, Bambo Damien, Joseph Dutton ndi Mayi Marianne adaoloka nyanja kuti akafike kwa anthu obisidwa. Kwa omvera ambiri ulendowo ndi waufupi, chifukwa nyumba imene yakhala yotseka kuyambira dzana ili kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwini wake amamdziŵa ndi dzina.